Mzungu wa a Jonasi ndi Dimba la a Manesi

A Jonasi Miti anagwira ntchito ya dipi m'boma la Chadiza kuyambira ali mnyamata mpaka imvi, ndipo nthawi yonseyo ng'ombe sinkadutsa pamaso pawo osaifufuza mtundu. Mlimi wa ku Zemba kapena ku Zingalume akabwera ndi ng'ombe yotsokomola, iwo ankayamba ayang'ana linunda, makutu ndi mchira, kenaka n'kulengeza kuti imeneyi agogo ake anachokera ku famu ya azungu. Mwini ng'ombe ankavomera, poti munthu wogwira jekeseni sutsutsana naye. Atapuma pa ntchito, boma linawapatsa kalata yothokoza imene inalakwitsa dzina lawo, ndipo luso lija, posowa ng'ombe, linatembenukira mwini wake.

Anabadwira ku Pembamoyo, kumudzi kwa amayi awo, ndipo anabadwa oyererapo. Tsitsi lawo silinkalimbana ndi chipeso. Kusukulu anzawo ankawaitana Kazungu, dzina limene ankalimenyera ndewu ali aang'ono koma n'kuyamba kulikonda atafika ku sekondale. Agogo awo, a Mariam, anali oyera kuposa pamenepo. A Jonasi amawakumbukira atakhala pamkeka, tsitsi la imvi litagwera m'mapewa ngati ndevu za chimanga. Amayi a agogowo anali a Tisauke, amene palibe wamoyo lero anawaona. Za bambo wa a Mariam panalibe wonena. Mwana akafunsa, amayi ake, a Fainesi, ankakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi zalowa m'munda.

Mudzi umenewo uli ndi mabele awiri, kutanthauza mizere iwiri ya anthu, uliwonse wochokera kwa mayi wake. Bele lalikulu amalitsogolera a Simeoni, mlimi wa thonje wa mawu ofatsa ndi maso osakhazikika. Bele laling'ono ndi la zidzukulu za a Tisauke, ndipo mwamuna wamkulu wotsala m'menemo ndi a Jonasi. Pakati pa mabele awiriwa pagona dimba. Lili m'mbali mwa kamtsinje kosaphwa, ndipo mu Okutobala, dziko lonse likasanduka fumbi, ilo limabiriwira mochititsa kaduka. Amalilima ndi a Manesi, mlongo wawo wa a Jonasi, mayi wamasiye amene repu ndi matimati a m'dimbamo ndiwo anaphunzitsa ana ake ndipo tsopano akudyetsa adzukulu. A Simeoni anayesapo kulitenga kudzera kubwalo la mfumu, koma bwalo linati mabele onse awiri ndi eni dothi, aliyense agwire pamene anagwira amayi ake. Woimira a Manesi tsiku limenelo, monga mwini mbumba, anali a Jonasi, atavala tayi. Kuchokera pamenepo amuna awiriwa ankapatsana moni wosatsika panjinga, ndipo a Simeoni dimbalo sanaliiwale.

Mwana wa a Jonasi wa ku Lusaka ndiye anayambitsa matendawa powatumizira foni yaikulu. M'menemo a Jonasi anapezamo magulu a anthu a kunja amene ntchito yawo ndi kufukula makolo, wina akusangalala kuti agogo ake anali osula zitsulo, wina kuti anapachikidwa chifukwa choba nkhosa. Iwo anaona kuti apeza anzawo. Anakumbukira kuti ali mwana ankamva za mzungu wina wogula fodya ndi mtedza amene anakhalapo pafupi ndi Pembamoyo nthawi ya nkhondo yoyamba ya azungu. Anthu ankamutcha Bwana Chipewa. Dzina lake lenileni panalibe wolidziwa, dziko lake chimodzimodzi, ndipo zimenezi zinawapatsa a Jonasi ufulu wosankha.

Atamva kuti kunja kuli anthu amene ukawatumizira malovu m'kabotolo amakuuza kumene magazi ako anachokera, anakonza zoitanitsa kabotoloko. Akazi awo, a Felicia, amene amapemphera ku Pentekosite, anati m'nyumba mwawo simutuluka malovu, tsitsi kapena zikhadabo kupita kwa munthu wosamudziwa nkhope, kaya ndi wa ku Mozambiki kaya wa ku Ulaya. Nkhaniyo inakathera kwa abusa awo, amene anasala kudya chifukwa cha kabotolo kamene kanali kasanafike n'komwe.

Choncho a Jonasi anatembenukira ku boma, limene analitumikira ndipo ankalikhulupirirabe. Mu ofesi yoyamba anawauza kuti abwere ndi kalata ya mfumu yotsimikiza kuti mzunguyo analikodi. Mu yachiwiri anati za munthu womwalira sangayang'ane popanda nambala ya reji, chitupa cha unzika cha womwalirayo. Mu yachitatu munali mtsikana wa magalasi amene anawamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti mzunguyo anali wa dziko liti. Sabata imeneyo a Jonasi ankaganiza za Apwitikizi, poti malire a Mozambiki ali pafupi, ndipo ananena choncho. Mtsikanayo anapempha reji yawo. Anaitembenuza, anaiyang'anitsa ku zenera, n'kufunsa kuti mudzi wawo uli mbali iti ya malire, ndiponso kuti akhala akuvota kuyambira liti. Kenaka anaiika m'diroo, n'kukiya, n'kupita kokadya. Anaibweza dzuwa litapendeka, mnzawo wina wakale wa ku dipi atalumbira kuti munthuyu wabaya ng'ombe za Zambia moyo wake wonse. Kuyambira tsiku limenelo Bwana Chipewa anakhala wa ku Sikotilandi.

Kumudzi zinthu sizinapepuke. A Jonasi anayamba kupezeka pa maliro aliwonse, ngakhale a anthu amene sankawadziwa, n'kumakhala pafupi ndi nkhalamba. Funso lawo linali limodzi: kodi Chipewa anali ndi mkazi wachikuda, ndipo anali ndani? Nkhalamba zimene zinkakumbukira mtundu wa galu wa Chipewa, pa funso limeneli zinkagontha. Ena anayamba kunena kuti a Jonasi akufuna ufumu. Ena anati apeza azungu ofuna malo, akuwerenga anthu kuti adziwe oti asamutsidwe. Achinyamata anati mdalayu akufuna pepala lopitira ku Ulaya, ndipo awiri anawapempha kuti awalembe ngati ana awo. Tsiku lina anaoneka okha kumanda masana, akupalasa masamba ndi ndodo kufunafuna mtumbira wa a Tisauke. Kumanda sulowa wekha, ndipo eni dambwe anawalipiritsa nkhuku. Amayi ena anasiya kutuma ana kukawalandira chikwama.

Munthu mmodzi yekha ndiye anaonetsa chidwi, ndipo anali a Simeoni. Anawapeza pamsika tsiku lina, anatsika panjinga, n'kuwagwira chanza ndi manja awiri. Anati akhala akumva za ntchito yabwinoyi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mudzi wopanda sukulu sudziwa kuyamikira munthu wophunzira. Zakale za dimba zija anati zinapita ndi madzi. A Jonasi, amene anali atatopa ndi kuyankhidwa kaya, anamva ngati munthu waludzu amene wapatsidwa thobwa.

Kuyambira pamenepo a Simeoni anakhala wowanyamula. Ankawakweza pakeriyala n'kupita nawo kutchire kumene kuli mabulugamu akale ndi zidutswa za njerwa, n'kunena kuti sitolo ya Chipewa inali apa, khitchini apo. Anawaonetsa chitsime chokwiririka. Anati mkazi wophikira mzunguyo analikodi, ndipo anachokera m'mudzi mwawo momwemo, ndiponso anabereka mwana wamkazi woyera. Anafunsa, ngati munthu wongodabwa, kuti kodi agogo a Mariam anabadwa chaka chiti. Dzina la mkaziyo a Simeoni sanalitchule ngakhale kamodzi. Ankafika pakhomo pa dzinalo n'kuima, ngati mlendo wodikira kuti eni nyumba anene okha kuti lowani. A Jonasi ndiwo analitchula, ataima pa njerwa zija. A Simeoni anangoti iwo sadziwa, wodziwa ndi wofufuza.

A Manesi ankaona njinga ija ikudutsa kumtunda kwa dimba, alongo awo atakhala kumbuyo ngati thumba la feteleza. Anauza a Felicia kuti fisi akayamba kuperekeza mbuzi kudambo, usati watembenuka mtima. A Felicia anafikitsa mawuwo kunyumba, ndipo a Jonasi anayankha kuti vuto la banja lawo ndi lomwelo, kukayikira aliyense wochita zabwino.

Chaka chimenecho mbumba inagwirizana zomanga chiliza cha a Fainesi, amayi awo a Jonasi, amene anamwalira zaka zingapo zapitazo. Pa mwambo wotere, nsalu isanachotsedwe pamwala, wina wa m'banja amaimirira n'kufotokoza mbiri ya malemu, kubadwa kwake, makolo ake, ana ake. Ntchitoyo inagwera a Jonasi, ndipo iwo anaona kuti Mulungu wawakonzera bwalo. Anauza a Simeoni kuti tsiku limenelo mudzi udzamva zoona zake za a Tisauke ndi Bwana Chipewa. A Simeoni anasangalala mpaka anapereka mbuzi ya ndiwo. Anawonjezera kuti nkhani yaikulu chotere siyenera kumvedwa ndi anthu wamba okha, aitana akuluakulu awiri a kubwalo la mfumu kuti adzalemekeze mwambowo.

Mawa lake kuli chiliza, a Manesi anatumiza mawu kuti alongo awo atsikire kudimba. A Jonasi anawapeza akuthirira repu, ndipo sanasiye kuthirira. A Manesi anafunsa kuti mawa akanena chiyani. A Jonasi anati akanena zimene banja labisa kwa zaka zana chifukwa cha manyazi opanda pake. A Manesi anafunsa ngati m'kufunsa kwawo konse anamvako mmene mkaziyo anafikira kunyumba kwa Chipewa. A Jonasi anati mwina chinali chikondi, kungoti malamulo a nthawi imeneyo sankalola ukwati wa mitundu iwiri.

A Manesi anaika chitini pansi.

"Alongo, mzungu atapempha mkazi womuphikira, mukuganiza kuti anamupatsa mwana wa ndani? Aliyense amene anali ndi malume wake anabisidwa m'nkhokwe. Anapereka uja wopanda womulirira, amene anabwera ali kamwana kudzalipira mlandu wa munthu wophedwa. Zimenezo mudzi wonse umadziwa. Chimene mudzi unagwirizana kuiwala ndi dzina lake lokha. Ndiye inu mwatha nsapato kulifunafuna."

Anafotokoza zotsalazo motsitsa mawu. Mishoni itafika, akuluakulu a nthawi imeneyo anachita manyazi, n'kunena kuti a Tisauke ndi mng'ono wawo wa mwini mudzi. Anawapatsa dimba, ndipo ana awo anatchedwa bele laling'ono. Kuyambira pamenepo, kunena munthu kuti makolo ake anagulidwa kapena anaperekedwa pa mlandu ndi chipongwe cholipira mbuzi, ndipo bwalo likamva mawu otero limatseka makutu, mlandu wa wonenayo n'kugwa pomwepo. N'chifukwa chake a Simeoni kubwalo kuja sanathe kutulutsa chimene chinali m'kamwa mwawo. Koma mwini mbumba akaimirira yekha pamanda a amayi ake, pamaso pa anthu a bwalo, n'kunena kuti mkazi wa Chipewa anali a Tisauke, palibe watukwana mnzake. A Simeoni adzangopita sabata yotsatira kukafunsa mwaulemu ngati mwana wa munthu wobwera chotero amalowa dothi la eni ake.

A Jonasi anafunsa chifukwa chake iwo, mwamuna wamkulu, sanauzidwe.

"Amayi anandiuza ine chifukwa ndine wotsala pamudzi. Za inu anati musauzidwe, muli ndi pakamwa pa sukulu."

Zimenezi zinawapweteka kuposa zonse. Anati nkhaniyi yangopekedwa, a Manesi kuyambira kale sakondwera ndi chilichonse chowakweza iwo. Anati ngakhale zitakhala zoona, dziko lino lili ndi malamulo, ndipo malamulowo sadziwa kapolo. Atatchula liwu limenelo a Manesi anatembenuka msanga kuyang'ana m'mabango, n'kudikira kaye kuti amve ngati muli munthu.

"Malamulo ali ku Lusaka," anatero. "Dimba lili pano. Ine ndanena. Mawa pakamwa ndi panu."

A Jonasi anakwera mtunda osatsanzika. Sanakhulupirire mlongo wawo, koma anapeza kuti a Simeoni nawonso sakuwakhulupiriranso, ndipo munthu wokayikira mbali zonse ziwiri alibe pokhala. Anayamba kukumbukira maulendo a panjinga aja limodzilimodzi. Munthu amene sanawapatsepo ngakhale nzimbe, n'chiyani chinamupalasitsa mitunda yonse ija atanyamula mdala wolemera chotero? Koma mbali inayi, a Manesi anali ndi umboni wanji, kupatula mawu a munthu amene ali pansi pa simenti? Mapepala a mbiri anali m'thumba la jekete, olembedwa bwino, Chipewa ali pa tsamba lachiwiri.

M'mawa anthu anasonkhana kumanda. Abusa a Reformed anapemphera, amayi a Chigwirizano anaimba atavala zoyera zawo, mwala uli wophimbidwa ndi nsalu. Akuluakulu awiri a kubwalo anafika mochedwa, monga ayenera kuchitira anthu a udindo. A Jonasi anaona kuti mipando yawo anaisenza ndi a Simeoni eni ake, ngakhale achinyamata analipo ambiri. Anaonanso kuti mmodzi wa akuluakuluwo, wovutika kumva, a Simeoni anamusuntha kawiri mpaka khutu lake labwino linaloza pamene pankadzaimirira wowerenga mbiri.

A Jonasi anaimirira n'kuyamba. Anati a Fainesi anabadwira m'mudzi womwewu, anabatizidwa ali mtsikana, anakwatiwa ndi a Miti a ku Zemba, anabereka ana amene ena ali pano ena anatsogola. Anati anali mwana wa a Mariam, ndipo a Mariam anali mwana wa a Tisauke, mng'ono wawo wa mwini mudzi uno. Anatembenuza tsamba. Analiyang'ana nthawi yaitali ndithu, mpaka mayi wina anayamba nyimbo poganiza kuti chisoni chawagwira, anzake n'kumukodola kuti aleke. A Manesi anali atakhala pansi pakati pa amayi, akuyang'ana zala za kumapazi kwawo. A Jonasi anapinda mapepala aja n'kunena kuti mbiri yathera pomwepo.

A Simeoni anadzuka pang'ono, chipewa chili m'manja, mawu ofatsa ngati kale.

"Akulu, musatisiye panjira. Anthuwa abwera kutali. Tawauzani, a Mariam bambo awo anali ndani?"

"Anali mkamwini," anatero a Jonasi. "Kwathu kuno dzina la tambala amasunga ndani?"

Amuna angapo anaseka chamumtima, poti kumanda saseka mokweza. A Simeoni anati si zimene ankamva panjinga paja.

"Panjinga munkanena ndinu, ine ndinkangogwira keriyala kuti ndisagwe. Ngati mukudziwa kanthu za agogo athu, eni bwalo ndi awa mwawakhazika bwino. Nenani."

Mkulu wovutika kumva uja anatembenuzira khutu lake labwino kwa a Simeoni n'kudikira. Anthu onse anadikira naye. A Simeoni anayang'ana mkuluyo, anayang'ana chipewa chawo, n'kunena kuti iwo amangofunsa, kufunsa si mlandu. Abusa, amene anakhala m'derali nthawi yokwanira kudziwa pamene nyimbo ikufunika, anayambitsa nyimbo, ndipo nsalu inachotsedwa. Akuluakulu a bwalo anadya mbuzi ya a Simeoni mpaka mafupa, ndipo ponyamuka anayamikira kuti mwambo wayenda mwadongosolo, palibe chimene chanenedwa.

A Manesi sanathokoze. Patapita masiku anatumiza kwa alongo awo ku boma dengu la matimati, ambiri mwa iwo ongotsala pamsika. Dimba akulimabe, chaka chino awonjezera anyezi.

A Jonasi anatuluka m'magulu a pa foni aja, kusiya mayi wina wa ku Sikotilandi amene anali atayamba kale kuwatcha msuweni popanda umboni uliwonse. Mpaka lero sadziwa ngati mlongo wawo ananena zoona, ndipo sangafunse munthu, chifukwa funso lenilenilo ndilo lingagwetse mpanda wa dimba. Tsopano amafufuza za kuchimuna, a Miti a ku Zemba. Kumeneko aliyense amayankha mosangalala, amawatchulira mayina mpaka kutopa, onse akuda bii, onse alimi a mtedza, ndipo palibe amawakayikira, poti kuchimuna kulibe munda woti munthu alande. Amabwerako atanyong'onyeka.

A Simeoni amawapatsabe moni wa manja awiri, n'kufunsa kuti kafukufuku akuyenda bwanji. Ndi munthu wodekha, thonje linawaphunzitsa kudikira, ndipo amadziwa kuti munthu akamakalamba pakamwa pamamasuka. A Manesi nawo amadziwa zomwezo. Anapangana kale ndi a Felicia kuti tsiku limene alongo awo adzadwale malungo oyankhulitsa, aliyense wochokera kumudzi wobwera kudzazonda matenda adzalandiridwe bwino, apatsidwe mpando ndi tiyi, pakhonde.